Mlandu suola? Wa landilodi umaola pakatha zaka 6

Akuluakulu amati mlandu suola. Pabwalo la mfumu mwina n'zoona, koma kukhoti nkhani yake ndi ina. Kumeneko mlandu uli ndi tsiku lake lothera, ngati mankhwala, ndipo achinyamata ambiri amene tikuchita lendi sitikudziwa zimenezi.

Tawonani momwe malo ngati Zalewa, Lisungwi ndi pa boma la Neno akukulira. Chikhalireni boma paokha mu 2003 atapatuka ku Mwanza, Neno yalandira aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito m'mabungwe ochokera kutali. Onsewa amafuna pogona. Nyumba za lendi zachuluka, koma mgwirizano wake nthawi zambiri umakhala wapakamwa. Mukayambana, landilodi amangokhoma loko wake pachitseko, kapena kulanda matiresi ndi wailesi ati mpaka mulipire. Tenanti amachoka ndi manyazi, dipoziti osabwezedwa. Patapita zaka, moyo utakhazikika, funso limabwera: kodi ndingathebe kumusumira munthu uja?

Yankho ndi lakuti inde, bola nthawi isanathe. Lamulo lotchedwa Limitation Act limaika malire a nthawi yokasuma pamilandu yofuna chipukuta misozi. Ngati nkhani ndi yophwanya mgwirizano, monga kukutulutsani popanda notisi kapena kukana kubweza dipoziti, muli ndi zaka 6. Ngati ndi yolandidwa kapena kuwonongeredwa katundu, ndi zaka 6 zomwezo. Koma ngati munavulala m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa mwini nyumba, tinene kuti khoma lomwe ankakana kukonza linakugwerani, nthawi yake ndi yaifupi: zaka 3 basi.

Zakazi zimayamba kuwerengedwa tsiku limene cholakwacho chinachitika, osati tsiku limene mwapeza ndalama kapena mwalimba mtima. Amene anatulutsidwa mu March 2021 ali ndi mpaka March 2027. Ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera: kukadandaula kwa a mfumu, kupolisi kapena kwa abusa sikuimitsa wotchi imeneyi. Njirazi n'zabwino, zimatha kuyanjanitsa anthu popanda kuwononga ndalama, koma chimene lamulo limawerengera ndi tsiku limene mwatsegula mlandu kukhoti. Pali zochepa zimene zimatha kutalikitsa nthawi, monga ngati wolakwiridwayo anali mwana wosakwana zaka zodziyimira payekha, ngati panali chinyengo chobisa nkhaniyo, kapena ngati landilodi anavomera ngongoleyo polemba. Zimenezi n'zofunika loya kuti aziwunike, musazidalire nokha.

Mwina wina akuti, nanga nyumba si yake? Inde ndi yake, koma m'nyumba ya lendi mumakhala ufulu wa anthu awiri. Gawo 28 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kulanda munthu katundu wake mwachisawawa, gawo 21 limateteza nyumba ndi zinthu za munthu kuti zisamangosechedwa kapena kulandidwa, ndipo gawo 41 limapatsa aliyense ufulu wokafuna chilungamo kukhoti. Amene amalipira pamwezi kawirikawiri ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi wathunthu. Akakana kutuluka, njira ya landilodi ndi kupita kukhoti, osati kubwera ndi anyamata a zibakera kapena kuzula chitseko usiku.

Komabe ine sindilangiza munthu kudikira mpaka chaka cha 6 ati poti lamulo likulola. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Choyamba, ndalama ikutha mphamvu. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Dipoziti ya K60,000 imene mukanagulira matumba angapo a chimanga nthawi imeneyo, lero ndi ya ndiwo za masiku ochepa. Chachiwiri, umboni umafota. Neba amene anaona katundu wanu akuponyedwa panja mwina anasamutsidwira ku Chikwawa kapena anapita ku Joni. Khoti silimva zoti "aliyense akudziwa". Limafuna mboni ndi zolembedwa.

Apa foni imene mwagwirayi ndiye loya wanu woyamba. Mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba osonyeza kuti munalipira lendi, zimene munkalemberana pa WhatsApp, zithunzi za loko pachitseko, zonsezi zingakuthandizeni, pakuti lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limazindikira mauthenga a pakompyuta ndi pafoni ngati umboni. Vuto lathu timafufuta mauthenga kuti tipeze malo osungira nyimbo ndi mavidiyo a TikTok. Jambulani risiti iliyonse, dzitumizireni pa imelo, kuti ngakhale foni itabedwa umboni utsale.

Ndinenenso mosapsatira kuti khoti si malo obwezera mkwiyo. Si malandilodi onse oipa. Ena ndi amayi amasiye amene timanyumba tiwiri ta lendi ndiye fizi ya ana awo, ndipo pali matenanti amene amathawa usiku atasiya ngongole ya miyezi 4. Zaka 6 zija zimagwiranso ntchito kwa mwini nyumba pofuna lendi yake. Mukasuma muli ndi ngongole, yembekezerani kuti nayenso adzaitulutsa pamaso pa majisitireti. Werengerani kaye: mukufuna zingati, mudzawononga zingati, nanga mbali yanu ndi yoyera?

Chimene chimandiwawa n'chakuti ku Neno zaka 6 zimatha msanga kuposa ku Blantyre. Munthu wa kwa Dambe kapena kwa Chekucheku amafunika kulipira kabaza wa njinga yamoto pamsewu wovuta uja, makamaka nthawi ya dzinja, kuti akangofunsa momwe angayambire. Maloya ambiri ali m'mizinda. Bungwe la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti lithandize anthu osatha kulipira loya, choncho lili ndi udindo wofika m'misika ya Zalewa ndi Lisungwi, m'mawailesi ndi pa Facebook, kukauza anthu za malire a nthawiwa m'Chichewa chomveka. Khonsolo ya Neno nayo ingathe kukonza chikalata chachidule cha mgwirizano wa lendi, cha tsamba limodzi, choti landilodi ndi tenanti azisainirana pamaso pa mboni. Sichingadye ndalama zambiri, koma chingachepetse mikangano.

Ngati munatulutsidwa m'nyumba mopanda chilungamo, khalani pansi lero muwerenge kuti papita zaka zingati. Sonkhanitsani umboni umene watsala, kenako pitani kwa kalaliki wa khoti la majisitireti lomwe muli nalo pafupi mukafunse za samani. Ndipo inu amene mukulowa nyumba mwezi uno, musapereke dipoziti popanda pepala.