Bwanji osangokwera sitima?

Alamu anga ali ndi funso limodzi lomwe amaliponya pa chilichonse chofuna thukuta, ndipo sabata yathayi analiponya pa nkhani yomwe ine ndimaikonda. Tinkaonera pa kanema gulu la alendo, ndodo m'manja, majekete ochindikala m'thupi, akukwera kanjira kamiyala m'mapiri a ku Japan, chipale chofewa chitayeretsa nthaka ndi madenga. Patsogolo pawo panali wowalondolera njira. Wolengeza anati anthuwa alipira ndalama zambiri kuti ayende pansi masiku angapo m'nyengo yachisanu, usiku n'kumagona m'nyumba za alendo zamakedzana. Alamu anaseka chikhakhali. "Koma alamu, anthu amenewa akuzunzikiranji? Bwanji osangokwera sitima?"

Funso limeneli landikhala pakhosi sabata yonse, ndipo ndikudziwa kuti nanunso awerengi simungalilole kuti lidutse chonchi.

Sitimayo ilipodi. Sitima yothamanga ya Shinkansen imanyamuka ku Tokyo n'kukafika ku Kyoto m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Njira yomwe alendo aja ankayendamo imalumikiza mizinda iwiri yomweyi, koma kudzera m'mapiri. Dzina lake ndi Nakasendo, kutalika kwake ndi makilomita opitirira 530, ndipo anthu akale ankaithera milungu iwiri kapena kuposerapo. M'mbali mwake munali midzi 69 yopumulirapo apaulendo. Kudutsa dziko lotere pa sitima yothamanga kuli ngati kumeza ndiwo osatafuna: mimba ikhuta, koma kukoma kwake sunakumve.

Midzi 69 ija sinamere yokha. M'chaka cha 1635 boma la banja la Tokugawa linakhwimitsa lamulo loti mafumu akuluakulu a m'zigawo azikhala chaka chimodzi kwawo, chaka china ku likulu la Edo, lomwe lero ndi Tokyo. Akazi ndi ana awo ankatsala ku Edo ngati chikole. Mfumu ikanyamuka inkatsagana ndi asilikali, onyamula katundu ndi ophika, ndipo khamu lonselo linkafuna pogona, chakudya ndi akavalo opumula. M'midzi yambiri munali nyumba yaikulu yotchedwa honjin yogonamo mfumu, ina yachiwiri yogonamo nduna zake, ndi nyumba zambiri za anthu wamba. Ku Kiso-Fukushima kunali chipata cha boma komwe alonda ankafufuza kuti mfuti zisalowe ku Edo, komanso kuti akazi a mafumu asathawe kuchokako. Ana aakazi a mabanja achifumu ankadutsa njira yakumapiriyi chifukwa ya kunyanja, ya Tokaido, inali ndi mitsinje yopanda milatho yomwe ikasefukira inkaimitsa anthu masiku. Mu 1861 mwana wamkazi wa banja la mfumu yaikulu, Kazunomiya, anadutsa momwemu popita kukakwatiwa ku Edo, ndipo mdipiti wake unali wautali mwakuti unkatenga masiku kuti uthe kudutsa mudzi umodzi.

Tsono munthu woyenda lero kuchoka ku Magome kupita ku Tsumago, iwiri mwa midzi 69 ija m'dera la Kiso, mtunda wa makilomita 8 okha wodutsa pampata wa phiri, akuponda pomwe anaponda onsewa. Kodi zimenezi ungazione pa zenera la sitima?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu ndimaukonda, ndipo palibe pomwe umakhala bwino kuposa panjira ya m'phiri nthawi yachisanu. M'chilimwe ndi m'nyengo yomwe masamba amafiira, Magome ndi Tsumago mumadzaza alendo obwera pa mabasi. Koma mu Januwale ndi Febuluwale chigwa cha Kiso chimatsala ndi eni ake. Mabelu omwe anapachikidwa m'njira kuti oyenda aziliza poopseza zimbalangondo amakhala opanda ntchito yambiri, pakuti zimbalangondozo zili m'tulo. Pakati pa ulendo pali nyumba yakale ya tiyi pomwe woyenda amakhala pafupi ndi moto n'kupatsidwa tiyi wotentha. Ku Tsumago, m'nyumba yotchedwa Okuya yomwe anaimanganso mu 1877, dzuwa la m'nyengo yozizira limalowera cham'mbali pa mazenera a timatabwa, n'kudula mizere mu utsi wa pamoto wapakati pa nyumba. Wobwera m'chilimwe sangazione, chifukwa dzuwa limakhala lili pamwamba.

Nanga wolondolera njira uja ngwachiyani, popeza zikwangwani zilipo? Chisanu cha kumapiri sichiseweredwa. Mdima umagwa cha m'ma 5 koloko madzulo, mabasi amachepa, nyumba zina za alendo amazitseka, ndipo miyala ya m'njira imaterera ndi madzi oundana. Pampata wa Torii, pafupi ndi mudzi wa Narai, njira imakwera kufika mamita pafupifupi 1,200. Wolondolerayo amadziwa pomwe muyenera kumanga tizitsulo kunsi kwa nsapato, amadziwa tsiku loti mubwerere m'mbuyo, ndipo amadziwa khomo lomwe moto ukuyaka. Amakuuzaninso chifukwa chomwe mitengo ya m'chigwamo inakula chotero: olamulira a chigawo cha Owari analetsa kudula mitundu isanu ya mitengo, kuphatikizapo hinoki, ndipo wodula ankalangidwa koopsa.

Madzulo mlendo amavula nsapato pakhomo, n'kulowa m'chipinda choyalidwa mphasa zolimba za tatami. Amayamba wasamba bwinobwino kunja kwa bafa, kenako n'kudziviika m'madzi otentha kufikira m'khosi. Chakudya chake n'cha kumapiri komweko: nsomba ya mumtsinje yowotcha ndi mchere, ndiwo zakuthengo zosungidwa kuchokera nyengo yapita, chakudya cha ufa chotchedwa soba, ndi masamba osasitsa otchedwa sunki, omwe anthu a ku Kiso anaphunzira kuwasunga popanda mchere chifukwa nyanja inali kutali ndipo mchere unali wosowa. Pogona amayala matiresi pansi. Eni nyumba ndi omwe aphika, ndi omwenso adzakutsazikeni m'mawa pakhomo. Mwendo womwe wayenda tsiku lonse m'chisanu ndi wokhawo womwe umadziwa mtengo wa madzi otenthawo.

Koma chomwe chinandipweteka kwambiri m'funso la alamu n'chakuti ndi funso lomwelo lomwe linatsala pang'ono kupha midziyi. Njanji ya Chuo yodutsa m'chigwa cha Kiso itatha kumangidwa mu 1911, anthu anakweradi sitima. Apaulendo anasiya kudutsa ku Tsumago, nyumba za alendo zinayamba kugwa, achinyamata n'kuthawira m'mizinda. Mu 1968 anthu a m'mudzimo anayamba ntchito yokonzanso nyumba zawo zakale, ndipo mu 1971 anagwirizana mfundo zitatu: osagulitsa, osabwereketsa, osagwetsa. Mawaya a magetsi anawachotsa pamsewu waukulu, magalimoto anawaletsa kudutsapo masana. Mu 1976 boma la Japan linaika Tsumago pakati pa midzi yoyamba kutetezedwa ndi lamulo chifukwa cha nyumba zake zamakedzana. Anthu osauka, omwe akanatha kugulitsa n'kupita, anasankha kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu.

Apa ndiye pamabwera madandaulo anga akale. Ife tinazolowera kuganiza kuti woyenda pansi ndi wosauka, ndipo nyumba yakale ndi manyazi. Munthu akagula galimoto, ngakhale kumsika kwapafupi sapitanso ndi miyendo. Pa boma lina pomwe ndinkagona ndikamayenda pa ntchito panali nyumba ya alendo yakale, yakhonde lalikulu ndi malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera. Mlonda wake, bambo wachikulire, ankadziwa njira iliyonse ya m'mapiri ozungulira. Anaigulitsa, wogulayo n'kuigwetsa, ndipo pamalopo pali timashopu ta malata. Palibe anafunsa anthu a pabomalo, palibenso anafunsa bambo uja zomwe ankadziwa asanabwerere kumudzi.

Chikhalirecho, zomwe alendo amakalipirira ku Kiso sizachilendo kwa ife. Pa phiri la Mulanje, mu Juni ndi Julayi pomwe chiperoni chimaluma, alendo amanyamuka ku Likhubula ndi anyamata olondolera njira ndi onyamula katundu, n'kumagona m'tinyumba ta Chambe, Lichenya ndi Thuchila, momwe mlonda amasonkha moto ndi kutunga madzi. Ena amakafika pa Sapitwa, mamita 3,002. Kusiyana kwake n'kwakuti mitengo ya ku Kiso ilipobe, pomwe mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, macheka autha tikuona. Ndipo ambiri mwa ife timadutsa pansi pa phirilo pa minibasi, osalikwerako n'kamodzi komwe, kwinaku tikuseka azungu omwe akukwera.

Sindikunena kuti tibwerere ku nthawi yopanda sitima. Wodwala athamange, wamalonda athamange. Koma njira ina imafuna phazi, ndipo nyumba ina imafuna mwini wokana kugulitsa. Alendo a m'chipale aja sakulipira kuti azizidwe. Akulipira anthu omwe anasunga njira, anasunga mitengo, anasunga moto wapakati pa nyumba, pa nthawi yomwe aliyense ankawauza kuti zinthu zimenezi zatha ntchito. Mudzi womwe wagwetsa zakale zake ulibe chomuitanira mlendo, ngakhale mutaupangira msewu wa tala mpaka pakhomo.