Injini imapuma, n'chifukwa chake kathiraki ka m'matope kayenera magetsi

Pakati pa okonda timagalimoto ta rimoti pali mkangano wakale: nitro kapena batire. Ine ndili kumbali ya batire, makamaka kwa amene akufuna kuti kathiraki kake kaziyenda m'matope kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Tengani Traxxas T-Maxx, yomwe inatuluka mu 1999. Kainjini kake kamamwa mafuta osakaniza methanol, nitromethane ndi oilo, ndipo kamakoka mpweya kudzera pa kasefa ka siponji. Kasefako kakanyowa, injini imabanika. Madzi akalowa mu silinda ndiye zathina, chifukwa madzi sapanikizika ngati mpweya: pisitoni imagunda ngati pakhoma, ndipo kachitsulo koyilumikiza ku crankshaft kamatha kupindika. Methanol nayenso amakoka chinyezi, moti injini yosiyidwa osathiramo oilo imachita dzimbiri mkati. Vuto lake n'lakuti pakamwa pa injini simungamatepo. Mukamata, yazima.

Mota ya brushless ilibe pakamwa potero. Zomwe madzi angawononge ndi zitatu: ESC, kabokosi kowongolera liwiro la mota, risiva, yolandira uthenga wa rimoti, ndi servo yokhotetsa matayala. Zonsezi zimamatika. ESC ndi servo zosalowa madzi zimagulitsidwa, ndipo risiva ena amangoyiika mu chibaluni n'kumanga pakamwa ndi labala. Mota sankhani ya sensorless, popeza masensa a mumota enawo sagwirizana ndi madzi.

Anzanga a nitro amati batire yatichotsera phokoso ndi fungo lija, komanso kuti iwo amangothira mafuta n'kupitiriza pomwe ife tikudikira tchaja. Za phokoso ndavomera, limakoma. Za tchaja si nkhani yaikulu: matchaja ambiri a LiPo amalandira mavoti 12, ndiye ngakhale magetsi atazima, batire ya galimoto imagwira ntchito.

Koma asakunamizeni kuti n'kungomasula injini n'kumangapo mota. Apa ndi pomwe ndimaona kuti wophunzira, makamaka wa uinjiniya, amapindula kuposa kukagula E-Maxx, m'bale wake wa T-Maxx woyendera batire. Muyenera kuchita masamu. Nambala ya KV imanena kangati mota imazungulira pa mphindi pa voti iliyonse. Mota ya 2200KV pa batire ya maselo anayi, mavoti 14.8, imafika cha m'ma 32,500 isananyamule katundu. Liwiro limeneli siliri kutali ndi la kainjini ka nitro, koma kabweredwe ka mphamvu ndi kosiyana kwambiri. Injini imayamba yakwera kaye kilatchi isanagwire, pomwe mota imaponya mphamvu yonse nthawi yomweyo. Magiya apulasitiki amatha mano, timashafti timapotoka. Mabuleki nawonso amafuna kuganizira: ngati giyabokosi ili ndi beyaringi yogwira mbali imodzi, mota singaimitse matayala, ndiye musafulumire kutaya buleki yakale ndi servo yake.

Palinso msampha wina womwe omata zinthu amaiwala. Chotseka madzi chimatsekanso kutentha. ESC yokulungidwa m'pulasitiki imapsa msanga m'matope olemera, momwe mota imakoka moto wambiri. Chepetsani mano a giya ya pamota, ndipo zipsepse zoziziritsira ESC zikhale poyera.

Mawu oti waterproof pa paketi amanena za zamagetsi basi. Mabeyaringi ndi zomangira zachitsulo zimadyedwabe ndi dzimbiri, choncho mukabwerako tsukani matope, umitsani, donthezerani oilo. Batire ya LiPo isatsike kupitirira mavoti 3.0 pa selo, isadutse 4.2 potchaja, ndipo ikatupa musayitchajenso, makamaka m'chipinda cha ku hositelo momwe muli matilesi ndi mabuku a anthu anayi.