Fizi ikakwera pakati pa chaka, musatitsekere khomo

Uthengawo unalowa pa gulu la makolo la WhatsApp Lachisanu madzulo, kutatsala masiku ochepa kuti teremu yachiwiri iyambe mu Januwale 2024. Ndinauwerenga ndili m'minibasi, jumbo ya tomato pamiyendo. Unali waufupi: chifukwa cha kukwera mtengo kwa zinthu, fizi ya ku sukulu ya mkaka kumene ankapita mwana wanga wazaka zitatu yakwera pafupifupi ndi theka, ndipo mwana asalowe m'kalasi ndalama isanakwane. Gulu lonse linangoti zii. Makolo oposa makumi atatu anawerenga, koma panalibe woyankha.

Sindikufuna kuwaipitsa eni sukuluyo pa nkhani yokweza. Tonse tinali titaona zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Apo n'kuti tisanapole bala la mu Meyi 2022, pamene kwacha inagwanso ndi 25 peresenti. Shuga, sopo, makala, ufa wa phala la ana, lendi ya nyumba imene anaisandutsa makalasi, zonse zinanyamuka pamodzi. Mwini sukulu amagula pa msika womwewo umene ine ndimagula. Akanapanda kukweza, mwina akanatseka. Zimenezo ndinazimvetsa usiku womwewo, komanso ndinawerengera malipiro anga kawiri konse n'kuona kuti sindikwanitsa.

Lolemba m'mawa ndinapita ku ofesi kukanena kuti mwana ndimuchotsa. Mayi amene amayendetsa sukuluyo anandilandira bwino, anandipatsa mpando, kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa fomu imene ndinasainira mu Sepitembala. Anaika chala pa mzere wina wa kumunsi.

"Mayi, apa munasaina nokha. Wochotsa mwana apereke notisi ya teremu yathunthu. Akalephera, alipire fizi ya teremu imeneyo, ndipo dipoziti sibwezedwa."

"Fizi yake iti, amayi? Yakale kapena yatsopanoyi?"

"Yatsopano. Ndiyo ikugwira ntchito panopa."

Ndinakhala kaye chete. Pepala lomwelo, pamwamba pake, linali ndi fizi imene tinagwirizana, yolembedwa ndi bolopeni ya iwo eni. Nditawalozera, anatembenuza tsamba n'kundionetsa mzere wina umene, kunena zoona, sindinauwerenge tsiku losainira: sukulu ili ndi ufulu wosintha fizi nthawi iliyonse.

Apa m'pamene pagona nkhani yanga. Lamulo la notisi palokha si loipa ayi. Sukulu imalemba ntchito aphunzitsi, kugula ufa ndi kukonza mphasa zogonera potengera chiwerengero cha ana. Kholo likangosowa popanda kutsanzika, limasiya dzenje. Koma pangano limamanga anthu awiri. Ngati ine ndiyenera kukuchenjezani teremu yathunthu ndisanachoke, inunso mundichenjeze teremu yathunthu musanakweze. Mukandipatsa masiku asanu, ndiye kuti mwaswa pangano ndinu, ndipo simungatenge pepala lomwelo n'kundimanga nalo. Kundiuza kuti ndikatsala ndilipira mtengo watsopano, ndikachokanso ndilipira mtengo watsopano, n'kundilanda ufulu wokana. Ine ndinavomera mtengo wa mu Sepitembala. Wa mu Januwale sindinafunsidwepo.

Chimene chimapweteka kwambiri n'chakuti makolo a m'tauni tilibe kothawira kwenikweni. Maphunziro aulere amene anayamba mu 1994 amayambira Sitandade 1, mwana akafika zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka za m'munsimo nthawi zambiri zili pa thumba la kholo. Kumudzi ndi m'madera ena kuli sukulu za mkombaphala, zimene zili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, ndipo zambiri zimayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Koma mkombaphala umaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Mayi wogwira ntchito ku City Centre kapena wogulitsa kaunjika ku Limbe amafuna pomusiya mwana kufikira madzulo. Eni sukulu za mkaka amadziwa zimenezi, ndipo ena a iwo amalemba mafomu awo ngati anthu odziwa kuti tibwerabe.

Sindinakangane nawo mayi aja. Ndinabwerera kunyumba n'kulemba kalata ya tsamba limodzi. Ndinatchula tsiku limene ndinasaina, fizi imene tinagwirizana, tsiku limene uthenga wokweza unafika, ndi kuti ndikuchotsa mwana chifukwa cha kusintha kwa mtengoko basi. Ndinapanga makope awiri, ndinaphatikizapo marisiti onse a teremu yoyamba, ndipo ndinawapempha asaine kope langa kuti alandira. Patatha sabata ziwiri anandiimbira. Tinamvana kuti sindilipira teremu imene mwana sanaphunzire, koma dipoziti andibwezera theka lokha. Ndinavomera, ngakhale mpaka lero ndimaona kuti yonse inali yanga.

Ndikunena za kalata chifukwa ambiri a ife timathetsa nkhani zotere pakamwa, pa geti, mwana ali kumsana. Mawu a pa geti amauluka. Tsiku limene mungafune kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma limene limalandira madandaulo a ogula, kapena ku Consumers Association of Malawi, adzakufunsani mapepala. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula kuyambira 2003, ndipo kholo lolipira fizi ndi wogula ngati wina aliyense. Koma wopanda risiti amavutika kuti amveke kulikonse.

Makolo anzanga ambiri anatsala. Sindikuwaweruza. Wina anandiuza ku msika kuti anakatenga ngongole ku banki mkhonde, wina anagwa m'manja mwa akatapila. Chimene ndimadandaula n'chakuti tinali pa gulu limodzi, tonse tikulira chamumtima, koma aliyense anapita ku ofesi kuja payekha. Tikanapempha msonkhano tonse pamodzi, mwina tikanamvana kuti mtengo watsopano uyambe teremu yachitatu, kapena ulipidwe pang'onopang'ono. Mutu umodzi susenza denga, koma tsiku limenelo aliyense anasenza lake.

Ndipo pali wina amene sanasaine fomu iliyonse koma ndiye analipira kwambiri. Kwa sabata zingapo mwana wanga ankadzuka m'mamawa, kutenga kachikwama kake ndi kabotolo ka madzi, n'kukaima pakhomo. "Amama, tipite kwa anti." Anti ake anali mtsikana wofatsa amene anamuphunzitsa kusamba m'manja asanadye ndi kuwerenga mpaka teni. Ndinalakwa posamutenga kuti akatsanzike. Ndinali ndi mkwiyo wa akuluakulu, ndipo ndinaiwala kuti kwa iye sukulu sinali fomu kapena risiti, anali munthu amene ankamunyamula akalira. Patapita mwezi ndinakumana ndi anti aja pa siteji ya minibasi. Anafunsa za mwana, maso ali ndi misozi. Ndinawafunsa ngati malipiro awo anakwerako pamene fizi inakwera. Anangopukusa mutu.

Lero mwanayo ali pa sukulu ina, yaing'ono, ya pafupi ndi kwathu. Tsiku lokamulembetsa ndinakhala pansi n'kuwerenga fomu yonse, mzere ndi mzere, anthu akudikira kumbuyo kwanga. Kenaka ndinafunsa kuti fizi ikadzakwera adzandiuza liti, ndipo ndikadzalephera ndidzatuluka bwanji. Aphunzitsi aakulu anadabwa, koma analemba yankho lawo pa fomupo n'kusainira.

Inu eni sukulu za mkaka, kwezani fizi ngati zinthu zavuta, tikumvetsani. Koma tiuzeni teremu yathunthu musanakweze, ndipo kholo limene lalephera mulilole lichoke ndi dipoziti yake yonse, popanda chindapusa. Lembani zimenezi pa fomu yanu chaka chatsopano cha sukulu chisanayambe mu Sepitembala. Ndipo inu makolo anzanga, mzere umenewo ukasowa pa fomu, pemphani aulembe musanasaine.