Magazi a "negative" si chifukwa chothetsera ukwati

Pali uthenga umene wakhala ukuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo anthu akuutumizirana ngati malangizo a dokotala. Ukunena kuti mkazi wa magazi a gulu la "negative" asayerekeze kukwatiwa ndi mwamuna wa magazi a "positive", ati chifukwa mwana woyamba yekha ndiye angakhale ndi moyo, otsatirawo azingopita padera kapena kubadwa atafa kale. Ena pouza anzawo akumawonjezera kuti mkazi wotereyu ndi wosabereka. Ife tikuutsutsa uthengawu. Ndi wolakwika, ndipo ungathe kupasula banja lopanda vuto kwinaku ukubisa chinthu chenicheni chimene mayi ayenera kuchidziwa.

Tiyambe ndi mawu awiriwa, chifukwa kuno kwathu tinawazolowera pa nkhani ya HIV. Pano sitikukamba za kachilombo ayi. Pa maselo ofiira a magazi a anthu ambiri pamakhala kapuloteni kena kotchedwa Rh D. Amene ali nako amalembedwa kuti "positive", amene alibe amalembedwa kuti "negative", ndiye mumaona m'buku la kuchipatala atalemba O+ kapena B-. Dzina la Rh linachokera kwa anyani otchedwa rhesus, amene Karl Landsteiner ndi Alexander Wiener ankagwiritsa ntchito pa kafukufuku wawo ku New York mu 1940. Munthu amabadwa ndi gulu lake kuchokera kwa makolo ake, sangapatsire mnzake pogonana, ndipo palibe chakudya kapena mankhwala azitsamba amene angalisinthe. Si matenda. Pakati pa azungu, anthu pafupifupi 15 mwa 100 ndi a Rh negative. Kuno ku Africa ndi ocheperapo, m'madera ambiri pafupifupi 5 mwa 100.

Sitikukana kuti uthengawu uli ndi poyambira. Mayi wa Rh negative akatenga pakati pa mwana wa Rh positive, magazi a awiriwa sayenda m'mitsempha imodzi, nsengwa imawalekanitsa. Koma pa nthawi yochira, nsengwa ikamachoka, timadontho ta magazi a mwana timatha kulowa mwa mayi. Chitetezo cha m'thupi mwake chimaona kapuloteni kaja ngati mlendo wosadziwika, n'kupanga asilikali olimbana nako. Mwana woyambayo amakhala atabadwa kale, n'chifukwa chake kawirikawiri sakhudzidwa. Vuto limadzabwera pa mimba yotsatira ngati mwana winayo alinso wa Rh positive. Asilikali aja amadutsa pa nsengwa n'kuyamba kuphwanya maselo ofiira a mwanayo. Akhoza kuchepa magazi akadali m'mimba, kutupa thupi, kubadwa ndi chikasu choopsa chimene chimatha kuwononga ubongo ndi makutu, ngakhale kufa kumene. Zimenezi ndi zoona, ndipo mabanja ambiri analirapo maliro otere.

Pamene uthengawu wanama ndi posandutsa chinthu chimene chingachitike kukhala chigamulo cha mkazi aliyense. Ngakhale kale, mankhwala asanabwere, amayi pafupifupi 16 okha mwa 100 a Rh negative obereka mwana wa Rh positive ndi amene matupi awo ankapanga asilikali aja. Komanso si mwana aliyense wa bambo wa "positive" amene amakhala "positive". Abambo ambiri otere anatengera mbali ziwiri kwa makolo awo, ina ya "positive" ina ya "negative", moti pa mimba iliyonse mwana akhoza kutengera uku kapena uko mofanana. Mwana akakhala wa Rh negative ngati mayi ake, palibe cholimbana nacho.

Chachikulu chimene olemba uthengawo anasiya ndi jakisoni wa anti-D. Madokotala a ku Liverpool, motsogozedwa ndi Cyril Clarke ndi Ronald Finn, komanso a ku America, Vincent Freda, John Gorman ndi William Pollack, anamupeza m'zaka za m'ma 1960, ndipo anavomerezedwa ku America mu 1968. Ntchito yake ndi kuchotsa timadontho ta magazi a mwana tija thupi la mayi lisanatizindikire. Mayi akabayidwa pasanathe maola 72 chichirireni, chiopsezo chija chimatsika kuchoka pa 16 kufika pa 1 kapena 2 mwa 100. Akalandiranso wina mimba ili ndi masabata 28, chimatsika mpaka kutsala amayi 1 kapena 2 mwa 1,000. Mankhwalawa amapangidwa kuchokera ku magazi operekedwa ndi anthu. Bambo wina wa ku Australia, James Harrison, amene anamwalira mu 2025, anapereka magazi ake koposa ka 1,100, ndipo magazi akewo ankapangira mankhwalawa. Zaka zoposa 50 zapita jakisoniyu akupulumutsa ana, ndiye n'zowawa kumva lero kuti mtsikana wabwezedwa chibwenzi chifukwa cha kachizindikiro ka m'buku la kuchipatala.

Choopsa chenicheni si mwamuna amene mwakwatirana naye. Choopsa ndi kusadziwa gulu la magazi anu, ndi kulola maola 72 aja kudutsa. Apa tikufuna amayi atimvetsetse, chifukwa magazi a mwana salowa mwa mayi pochira pokha. Zimathekanso mimba ikapita padera, ikachotsedwa, ikakhala kunja kwa chiberekero, mayi akamataya magazi ali ndi pakati, kapena akagwa ndi kumenyetsa mimba. Tikudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Mimba ya miyezi itatu ikapita padera, nkhani imathera m'nyumba pakati pa mayi, apongozi ndi azakhali, ndipo kuchipatala sapitako pokhapokha magazi atakana kuleka. Kwa mayi wa Rh negative, kukhala chete kumeneku kukhoza kuika pachiswe mwana amene sanam'ganizire n'komwe. Jakisoniyu sakhalitsanso m'thupi, amafunika pa mimba iliyonse. Ndipo thupi likapanga kale asilikali, anti-D sangawachotse.

Mayi amene zinamuchitikira kale asataye mtima. Pali kuyeza magazi kotchedwa Coombs kumene kumaonetsa ngati asilikaliwo alipo. Akapezeka, mimbayo iyenera kuyang'aniridwa ku chipatala chachikulu, kumene angathe kuunika mwana pafupipafupi, kum'chiritsa mayi masiku asanakwane ngati kuli kofunika, kuika khanda pansi pa nyali zochotsa chikasu, kapena kulisintha magazi. Ngakhale kuthira magazi mwana akadali m'mimba n'kotheka, William Liley anayamba kuchita zimenezi ku New Zealand mu 1963. Khanda likaoneka lachikasu m'maso kapena pakhungu tsiku loyamba lomwelo, musadikire kuti kuche, uzani namwino nthawi yomweyo.

Tinenenso za mlandu umene akazi amasenzetsedwa. Mimba zimapita padera pa zifukwa zambiri, monga malungo, chindoko, kuthamanga kwa magazi, kapena mwanayo kungolephera kuumbika bwino pachiyambi. Vuto la Rh nthawi zambiri limagwira mwana mimba itakula, osati m'miyezi yoyambirira. Choncho amene akuloza chala mkamwini kapena mtengwa kuti "magazi awo sagwirizana" popanda kukayezetsa akungolosera. Ndipo mkazi sanasankhe gulu la magazi ake, monganso mwamuna sanasankhe lake.

Ngati pali pofunika kukwiya, tikwiyire apa: anti-D ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe la World Health Organization, komabe pa dziko lonse amayi pafupifupi theka la ofunika jakisoniyu salandira, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ngati athu ano. Jakisoniyu ndi wokwera mtengo, amafunika kusungidwa m'firiji, ndipo sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse. Tikupempha a Unduna wa Zaumoyo kuti mayi aliyense woyamba sikelo aziyezedwa gulu la magazi n'kuuzidwa tanthauzo lake m'chilankhulo chimene akumva, ndiponso kuti jakisoniyu azipezeka pafupi ndi pamene amayi akuchirira. Nanu a Rh negative amene muli ndi thanzi, amuna ndi akazi, a Malawi Blood Transfusion Service amawafuna kwambiri magazi anu, chifukwa mayi wa gulu lanu akataya magazi pochira ayenera kuthiridwa a "negative".

Inu amene muli oyembekezera, tsegulani buku lanu la kusikelo muone ngati gulu la magazi analemba. Ngati sanalembe, funsani azamba pa ulendo wotsatira. Mukapezeka kuti ndinu a Rh negative, funsani msanga kumene anti-D mukam'peze, tsiku lochira lisanafike. Uthenga uja ukakufikaninso pa foni, musautumize kwa wina.