Utoto wa m'Nyumba Yaing'ono

Munthu pokonzanso nyumba yace yaing'ono, maso ace athamangira utoto wofiira kapena wobiriwira, pakuti ukongola m'citini. Koma pakhoma utoto wotere umeza kuunika, ndipo cipinda ca zenera limodzi cisanduka phanga. Mwana wowerenga madzulo abvutika maso, ingakhale nyali iri pafupi.

Njereza iposa. Mtengo wace ngwocepa, ibweza kuwala kwa dzuwa ndi kwa nyali, ndiponso udzudzu, umene ukonda kubisala mumdima, uoneka msanga pa khoma loyera.

Ena adandaula kuti coyera sicicedwa kuda. Nzoonadi. Cifukwa cace mwini nyumba wanzeru apaka m'munsi mokha utoto wamafuta wodera, wotsukika ndi madzi, kulekeza m'cuuno, pamene pafika manja a ana otuluka kumene ku nsima.