Kanema wa pa foni ndi wokoma, koma ali ndi mtengo wake

Zaka za m'mbuyomu, wofuna kuonera kanema m'chigwa cha Domasi ankalipira pakhomo la kanyumba ka vidiyo pamsika monga wa Songani, ndipo ankadziwa ndalama imene wawononga. Lero kanema walowa m'thumba. Mlimi wa mpunga amaonera ulimi wa anzake akutali, wophunzira wa pa Domasi College of Education amabwereza phunziro, ndipo banja lonse limasekera sewero pafoni imodzi. Ichi ndi chitukuko choyenera kuchiyamikira. Komabe malipiro ake ndi obisika, choncho nkoyenera kumvetsa mmene kanemayu amatifikira.

YouTube inayamba m'chaka cha 2005. Masiku amenewo kanema ankafuna pulogalamu yapadera yotchedwa Flash, imene inali yolemetsa mafoni. M'chaka cha 2015 YouTube inasamukira ku njira ya HTML5, ndipo kampani ya Adobe inasiyiratu Flash kumapeto kwa 2020. Kusinthaku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ngakhale foni yotsika mtengo imaonetsera kanema mosavuta.

Kanema sabwera yense nthawi imodzi. Amadulidwa m'tizidutswa ta masekondi ochepa, ndipo kachidutswa kalikonse kamasungidwa m'milingo yosiyana monga 144p, 360p ndi 720p. Netiweki ikafooka, foni imasankha mlingo wotsika ndipo chithunzi chimachita chimbuuzi. Ikalimba, imasankha yokha wapamwamba. Apa ndi pamene pagona nkhani. Chithunzi cha 720p chili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa cha 360p, motero bandulo ya Airtel kapena TNM imatha msanga mwini wake osazindikira.

Tikumbukirenso kuti dziko la Malawi lilibe doko la pa nyanja yamchere. Intaneti yathu yambiri imadzera m'zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nafe, zolumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja yamchere monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010. Ulendo wautaliwu uli ndi mtengo, ndipo wolipira potsiriza ndi wogula bandulo.

Palinso china. Kanema wina akatha, winanso amayamba yekha, chifukwa makampaniwa amapindula ndi otsatsa malonda tikamachedwa pafoni. Ndalama ya sopo ndi mchere, pamodzi ndi nthawi ya mwana yowerenga, zimapita motero pang'onopang'ono.

Mankhwala ake si kuletsa mafoni ayi, koma kuwadziwa. Sankhani nokha mlingo wa 360p, umene ndi wokwanira pa galasi laling'ono. Tsekani batani la Autoplay. Kanema wothandiza musungeni m'foni kamodzi, ndi kumaonera pamodzi ndi anzanu. Makolo ndi aphunzitsi, khalani pansi ndi ana muwaonetse zimenezi, pakuti foni yosaiyang'anira imadya ndalama za banja mwakachetechete.