Obadwa ndi bowo mumtima aziunikidwa asanayambe phuma

Mwa ana 100 alionse obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa mtima wake uli ndi vuto, ndipo nthawi zambiri limakhala bowo pakhoma lolekanitsa mbali ziwiri za mtimawo. Kale ana oterewa ambiri sankakula, koma lero m'mayiko olemera oposa 90 mwa 100 alionse amafika pa msinkhu wa munthu wamkulu. Kukulako sikutanthauza kuti nkhani yatha. Ena mwa iwo, opangidwa opaleshoni ndi osapangidwa omwe, amadzadwala kuthamanga kwa magazi m'mitsempha ya m'mapapo, matenda amene amayamba mwakachetechete n'kufooketsa mtima. Choncho munthu wamkulu aliyense wobadwa ndi vutoli ayenera kumaunikidwa nthawi ndi nthawi, ngakhale akudzimva kuti ali gwa, pogwiritsa ntchito njira zosalowetsa chida chilichonse mumtima.

Mbali yakumanzere ya mtima imapopa magazi mwamphamvu kupita m'thupi lonse, pamene yakumanja imangowakankhira pang'ono kumapapo. Pakakhala bowo, magazi amadutsa kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndipo mapapo amalandira magazi opitirira muyeso wake. Pakapita zaka, timitsempha ta m'mapapo timalimba n'kuchepa njira, mpaka magazi amayamba kubwerera kumanzere asanatenge mpweya wabwino. Apa milomo ndi zikhadabo zimada, nsonga za zala zimafufuma, munthu amachita befu akangokwera kamtunda. Victor Eisenmenger anafotokoza za wodwala wotere mu 1897, ndipo mu 1958 dokotala Paul Wood anamasulira bwino chimene chimachitika n'kutcha vutoli dzina la Eisenmenger. Zikafika pamenepa kutseka bowolo kumakhala koopsa, chifukwa ndi pomwe mtima wothedwa mphamvuwo ukupepukira. Chomvetsa chisoni n'chakuti makina oyezera BP pamkono saonetsa chilichonse cha izi. Munthu amauzidwa kuti BP ili bwino, m'mapapo zinthu zikuipiraipira.

Njira yotsimikizira matendawa ndi yolowetsa kachubu kudzera mumtsempha wa pakhosi kapena pantchafu mpaka mumtima. Malangizo amene akatswiri a mtima ndi mapapo ku Ulaya anatulutsa mu 2022 amati muyeso wa kuthamanga kwa magazi m'mapapo ukapitirira 20 mmHg ndiye kuti matenda alipo, pomwe kale malire anali 25. Koma kachubu kamafuna chipinda chapadera, akatswiri ndi ndalama zambiri, ndipo si kuyeza koti n'kumabwereza chaka ndi chaka kwa munthu wosadandaula kanthu. Sikani ya mtima ndi yosiyana: dokotala amapaka mafuta pachifuwa, n'kuyendetsapo kachipangizo, ndipo amaona kukula kwa mbali yakumanja komanso liwiro la magazi obwerera pachitseko cha mbaliyo. Liwiro likapitirira mamita 2.8 pa sekondi, pamakhala chifukwa chokayikira. Pambali pa sikani pali kachipangizo kopana chala koyezera mpweya m'magazi, kuyendetsa wodwala kwa mphindi zisanu ndi imodzi n'kuona mtunda umene wayenda, ndiponso kuyeza magazi kotchedwa NT-proBNP. Wodziwa ntchito amapananso chala chakuphazi, popeza mwa ena mpweya umachepa kumapazi kokha, kumanja kuli bwinobwino.

Otsutsa amanena kuti sikani imaphonya, ndipo sakunama. Mtima wobadwa wopotoka ndi wovuta kuuwerenga. Ngati njira yotulukira kumapapo ndi yothina, liwiro limaoneka lalikulu pamene mapapo alibe vuto, ndipo mwa ena magazi obwererawo saoneka n'komwe. Koma ntchito ya sikani si kugamula mlandu. Ili ngati sefa, imapatula ochepa oyenera kupita ku kachubu pakati pa ambiri osafunika kutero. Komanso mphamvu yake ili pa kubwereza. Muyeso umodzi ukhoza kusokeretsa, koma ngati liwiro likukwera chaka chilichonse, mtunda woyenda ukuchepa, mpweya ukutsika, dokotala sangalakwitse kuona kumene zinthu zikulowera.

Ena amafunsa kuti n'kupezeranji matenda osachiritsika, si kungomuika munthu m'maganizo? Funsoli linali ndi mphamvu kale, koma osati lero. Kafukufuku wa BREATHE-5 wa mu 2006 anaonetsa kuti mankhwala a bosentan amathandiza odwala Eisenmenger kuyenda mtunda wotalikirapo popanda kuwachepetsera mpweya m'magazi, ndipo sildenafil nayenso amagwiritsidwa ntchito. Kwa amene bowo lake silinatsekedwe, kudziwa msanga ndiko kumasiyanitsa woti opaleshoni ingamupulumutse ndi amene wachedwa. Kwa amayi nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa, chifukwa pathupi ndi pangozi kwambiri kwa mayi wodwala matendawa, makamaka m'masiku oyamba akangochira, mwakuti madokotala amalangiza kusatenga pakati. Mtsikana akadziwa zimenezi asanalowe m'banja amasankha njira yolera ali ndi nthawi, m'malo modzazimvera ku sikelo mimba ili ya miyezi isanu.

Kuno kwathu mfundoyi ikulemera koposa, chifukwa ana ambiri obadwa ndi bowo amakula osapangidwa opaleshoni, ndipo munthu wa phuma amathamangira kuganiziridwa TB kapena mphumu. Likodzo la m'matumbo ndi HIV nazonso zimayambitsa kuthamanga kwa magazi m'mapapo, motero luso la sikani lingathandize anthu ambiri kuposa gulu limodzili. Nkhawa ya ndalama ndi yomveka, koma makina ang'onoang'ono onyamula m'manja alipo tsopano, ndipo chosowa kwambiri ndi anthu ophunzitsidwa komanso dongosolo. Unduna wa Zaumoyo uyambe ndi zotheka: mwana wopezeka ndi vuto la mtima alembedwe momveka bwino m'buku lake la kuchipatala, akamachoka ku wodi ya ana aperekedwe m'manja mwa dokotala wa akuluakulu, ndipo zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zizimupatsa tsiku lodzaunikidwanso. Makolo nawonso amuuze mwana wawo akamasinkhuka za vuto limene anabadwa nalo, kuti akadwala azitha kulitchula yekha kwa dokotala.